Lü Bu wanga ndinamugoneka pabalaza

Achimwene, zoti "Lü Bu sanali wachiwembu, ankangopulumutsa moyo wake" musandiuze ine, mtima wachita kuwira powerenga. Tikunena Lü Bu, kazembe wankhondo wa ku China wakalekale, wa nthawi imene ufumu wa Han unkatha. Kupulumutsa moyo kwanji? Bwana wake Ding Yuan anamukweza paudindo, ankamukonda, iye nkumudula mutu m'chaka cha 189 AD kukapereka kwa Dong Zhuo, kazembe amene analanda ulamuliro kulikulu. Dong Zhuo nkumutenga ngati mwana wake, mu 192 nkumubayanso mumzinda wa Chang'an. Apo pokha ndingamve pang'ono, Dong Zhuo anali chilombo, tsiku lina atapsa mtima anamugenda ndi mkondo, mwayi anaulewa. Nanga Liu Bei anamulakwira chiyani?

Mu 195 kazembe wina wamphamvu, Cao Cao, atamupitikitsa m'chigawo cha Yan, Lü Bu analibe kolowera, Liu Bei nkumulandira m'chigawo cha Xu chimene ankalamulira. Chaka chotsatira mwini malo ali kunkhondo yolimbana ndi kazembe wina, Yuan Shu, mlendo uja analanda mzinda wa Xiapi, banja la Liu Bei lili momwemo. Kenako amvekere, inu kakhaleni ku kamzinda ka Xiaopei. Mwini nyumba kupatsidwa kachipinda ndi mlendo!

Ine zimenezi zinandionekera. Mnyamata wakumudzi kwathu anabwera akulira kuti abwana ake akumuzunza, malo awiri anali atachoka kale, konseko olakwa anali abwana. Ndinamugoneka pabalaza, nsima mbale imodzi, makiyi a golosale nkumupatsa. Mayi anga atamwalira ndinakhala kumudzi masabata atatu. Tsiku lobwerera kunkagwa mvula, ndatsika minibasi ndi kathumba ka ufa, maso akadali otupa. Ndifike pashopu, loko wina. Ndikuyesa kiyi wanga ngati wamisala, amayi ogulitsa tomato pafupipo angoweramitsa nkhope, palibe wondipatsa moni. Eni nyumba akuti mnyamata wanu walipira miyezi itatu, wati inu mwabwerera kumudzi simubweranso. Ndalama zolipirazo zochokera mu kabati yanga yomwe! Kenako iye uyo akutulukira, kiyi kuzunguza pachala, juzi yanga ili m'thupi, "Akulu, pepani ndi maliro. Musadandaule, mutha kumagulitsa pakhondepa." Pakhonde. Sikelo yanga, firiji yanga ndikuziona pawindo. Mpaka lero anthu a kutchalitchi amati ndimukhululukire, koma shuga amakagula kwa iyeyo.

Nchifukwa chake ine za ku Xiapi zimanditsitsimula. Kumapeto kwa 198 Cao Cao anazinga mzindawo, nkupatutsa mitsinje ya Si ndi Yi kuti madzi asefukiremo. Akuluakulu a nkhondo a Lü Bu omwe, Hou Cheng, Song Xian ndi Wei Xu, anamanga mlangizi wake Chen Gong nkukadzipereka kwa adani. Lü Bu atamangidwa anadandaula kuti zingwe zathina, Cao Cao nkumuyankha kuti chilombo cholusa sachimanga mofewa. Ngakhale pamenepo mkulu uja anayamba malonda, akuti ndisiyeni ndizikutsogolerani asilikali apakavalo, dziko lonse mulitenga. Cao Cao anayamba kuganizira. Liu Bei, yemwe uja wa kachipinda, anangomukumbutsa za Ding Yuan ndi Dong Zhuo. Basi, Lü Bu anamunyonga kumayambiriro kwa 199.

Phunziro lake ndi ili, munthu akabwera akunyoza abwana ake onse akale, mupatseni madzi akumwa koma makiyi ayi. Za lendi lemberanani ndi eni nyumba, dzina lanu lioneke papepala, ngakhale wothandizayo akhale mwana wa achemwali anu. Komanso inu olembedwa ntchito musakhale ngati kazembe Gao Shun, amene anamamatira kwa Lü Bu mpaka kuphedwa naye limodzi, pomwe mnzake Zhang Liao anagonja nkudzakhala kazembe wotchuka wa Cao Cao. Ndipo Liu Bei yemweyo anadutsa kwa Gongsun Zan, Tao Qian, Cao Cao, Yuan Shao ndi Liu Biao, palibe amamunena. Ndiye ngati abwana akukugendani ndi mkondo, nyamukani, musadikire wachiwiri. Ine pano ndatsegula kashopu kena kutsidya kwa msewu, ndalembanso mnyamata wina wakumudzi. Uyu akuoneka wofatsa, makiyi ndamupatsa a loko wa pansi yekha.