Nyumba ya malata tamanga, koma kuseka kwatha

Azakhali,

Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Ngabu. Kale tinkakhala cha ku Makhanga, mpaka madzi osefukira a mu Januwale 2015 anatikokolera nyumba, mbuzi ndi chimanga cha kudimba. Tinakhalitsa mu tenti pamsasa. Titatulukamo tinayamba geni ya mbuzi ndi kangongole ka banki m'khonde. Bambo a kunyumba ankazungulira m'midzi pa njinga kukagula, ine n'kumasunga ndalama ndi kulemba m'kope. Lero tili ndi nyumba ya malata, ng'ombe, golosale ndi lole yonyamula ziweto kupita ku Blantyre.

Koma mtima wanga suli m'malo. Bambowa amachoka m'bandakucha, pobwera ife titagona. Akakhala pakhomo, foni ili kukhutu. Kope lija anapatsa mng'ono wawo. Ndikadandaula amangoti, "Kodi ukusowa chiyani? Ya ndiwo ndimasiya, zitenje zili mbwee." Anzanga akumpingo akuti ndakhuta. Sanandimenyepo, za mkazi wina sindinamvepo, komabe pena ndimalakalaka masiku a mu tenti aja pamene tinkadyera mbale imodzi n'kumaseka. Kodi ndine wosayamika?

Mayi wodandaula, Ngabu

Mayi,

Wosayamika ayi. Koma pa nkhani ya tenti ija mtima ukukunamizani pang'ono. Mu tenti munali udzudzu, munali kutentha kwathu kwa kuchigwa kuno, munali kufola pamzere kudikira ufa wa chithandizo mwana akulira kumsana. Zimenezo palibe angazifunenso. Chimene mukuchilira ndi chakuti masiku amenewo amuna anu sankagula ngakhale kambuzi kamodzi asanakufunseni.

Ine diso langa lagwera pa kope lija. Taganizani mmene zinkakhalira madzulo: bambo afika fumbi lili thoo m'miyendo, akhuthula ndalama pamphasa, inu mukuwongola zokwinyika n'kumawerenga. Akusimbirani za agogo amene anakakamira mtengo wa tonde, inu mukuwadzudzula kuti agula mbuzi yowonda. Macheza anu anali pamenepo. Kope litapita kwa alamu anu, macheza anapita nalo limodzi. Mwina bambowo poti achite zimenezi ankaona ngati akukulemekezani, kuti mkazi wa munthu wa lole asamavutike ndi masamu. Amuna ambiri akapata amapumitsa mkazi pa ntchito yokhayo imene inkawalumikiza, kenaka n'kumadabwa kuti mayi akhaliranji ndwii.

Nawonso muwamvetse. Munthu amene anaona chuma chake chikupita ndi madzi usiku umodzi sakhulupirira kuti wapeza. Chichokereni 2015 chigwa chino chaona namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023. Geni ya ziweto nayo ili ndi chigumula chakechake: akangobuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, boma limaletsa kutulutsa ziweto, lole n'kuima. Sindikuwaikira kumbuyo, koma kuthamanga kwawoko n'kutheka kuti ndi mantha, osati kukutopani. Vuto la mantha otere ndi loti alibe pothera. Ng'ombe zikafika makumi awiri, mtima umati bwanji zikanakhala makumi anayi.

Tsono musathamangire kwa ankhoswe. Akakufunsani mafunso awiri, ngati amakumenyani ndi ngati amasiya ya ndiwo, mukayankha, mlandu n'kuthera pomwepo inu mutaoneka wovuta. Komanso mawu oti "sindikusangalala" muyambe mwawasunga. Kwa mwamuna amene watuluka mu tenti mpaka kumanga ya malata, mawu amenewo amamveka ngati mukunyoza thukuta lake, n'chifukwa chake amakuwerengerani zitenje.

Pemphani chinthu chogwirika. Tsiku limene adya bwino ndipo foni ili patchaja, auzeni kuti, "Bambo, ndasowa kuwerenga nanu ndalama ngati kale. Lamulungu madzulo tizikhala pansi ndi kope." Alamu anu musawatchule moipa ngakhale pang'ono, chifukwa mukangoonetsa ngati mukuwakayikira, nkhani isanduka ya mtundu wonse. Iwo apitirize kulemba za paulendo, inu muziona zonse pamodzi ndi amuna anu. Ndipo tsiku lina mukwere nawo lole ija, mudutse pa Thabwa, mukwere chitunda mpaka ku Blantyre, mukaone kumene ng'ombe zanu zimathera. Maola amenewo muli awiri kutsogolo mukamva zambiri zimene pakhomo sanena.

Palinso chifukwa china chimene ndikuumirira pa kopeli, chosakoma kuchitchula. Chumachi munachiyamba awiri. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana kwa olanda katundu, koma mayi amene sadziwa kuti ng'ombe zilipo zingati, zili m'khola la yani, lole inalembedwa dzina la ndani, amavutika kuteteza chake pakagwa zovuta.

Za anzanu akumpingo zisakudyeni mutu. Iwo amaona malata akamadutsa pamsewu, m'nyumbamo sagonamo. Ndipo kodi ku banki m'khonde kuja munasiya? Ngati munasiya chifukwa choti ndalama simukuzisowanso, bwereraniko. Mayi amene anadzutsa geni ndi ngongole ya gulu sayenera kuswera pakhonde kudikira kulira kwa lole.

Mukayesa miyezi iwiri bambo n'kumakanabe kukhala nanu pansi, apo ndiye muitane ankhoswe, ndipo dandaulo lanu likhale lomveka: anandichotsa pa geni imene tinayamba tonse. Limenelo angathe kulikamba. Mundilemberenso kuti zayenda bwanji.

Azakhali