Alamu, za keyboard yosokoneza zilembo ija

Alamu, ndamvera uthenga wanu uja, woti mukalowa pakompyuta ya ku ofesi kudzera pa Remote Desktop (pulogalamu yolowera pakompyuta ina muli kutali), mukadina @ pakutuluka ", ndiye pasiwedi ikukanidwa. Keyboard yanu ili bwinobwino, musataye ndalama kugula ina.

Nkhani ili apa. Laputopu yanu situmiza chilembo chenicheni ayi, imatumiza nambala ya batani lomwe mwadinalo, kenako kompyuta ya ku ofesiyo ndiyo imasankha kuti chilembo chake n'chiti. Tsono keyboard yanu ikakhala ya UK, ya uko n'kukhala pa US, zisemphana basi. Pa UK, Shift ndi 2 amatulutsa ", pa US amatulutsa @. Shift ndi 3 pa UK ndi £, pa US ndi #. Tsegulani Notepad pakompyuta ya ukoyo, muyese ziwirizi, mudziwiratu pomwepo.

Ndiye yang'anani kumunsi kudzanja lamanja, pafupi ndi nthawi, palembedwa ENG US kapena ENG UK. Dinani Windows ndi Space kuti musinthe. Koma apa ndi pomwe ambiri amasochera, eee, chifukwa mabatani awiriwa amatha kusintha laputopu yanuyo m'malo mwa ya ku ofesi. Choncho pa Remote Desktop paja, musanadine Connect, pitani pa Show Options, kenako Local Resources, pa Keyboard musankhe On the remote computer. UK ikapanda kupezeka pamndandanda, iwonjezereni mu Settings, pa Time & language.

China, musamangotseka Remote Desktop ndi ka X kaja. Mukatero session, kutanthauza zomwe munatsegula uko mutalowa, imatsala ikuyendabe, ndipo mukabwerera mutha kuipeza ndi keyboard yakale yomweyo. Chitani Sign out pakompyuta ya ukoyo, mulowenso mwatsopano.

Za pasiwedizo, pomwe mumailembera paja pamakhalanso ka ENG kumunsi, kasintheni kaye musanalembe. Musayeseyese kambirimbiri, akaunti ingatsekedwe.

Ikamabwererabe yokha ku US, imeneyo ndi ntchito ya anthu a IT, inuyo musakhudze registry (momwe Windows imasunga ma settings ake) ya kompyuta ya kuntchito chonde. Auzeni aike IgnoreRemoteKeyboardLayout kukhala 1 mu registry, pansi pa Control, Keyboard Layout, yopanda s kumapeto, chifukwa pali inanso ya Keyboard Layouts pafupi pomwepo. Akatero kompyuta ya uko imasiya kutengera mtundu wa keyboard wa laputopu, imakhala pa yomwe anaiikira. Mukayesa mu Notepad muja munditumizire chithunzi, ndione chomwe chatuluka.