Chomwe chimalemeretsa pulogalamu ya pa intaneti pa foni yotchipa

Wowerenga wina wandilembera pa imelo kuti pulogalamu yolembetsera ana kusukulu yomwe wapanga imatseguka msanga pa laputopu yake, koma makolo a mafoni otchipa akudandaula kuti imangozungulira mpaka bandulo kutha, chonsecho zithunzi anazichepetsa kale. Akufunsa chomwe chatsala, ndipo nali yankho langa kwa iye.

Mwachita bwino kuyambira pa zithunzi, ndipo ngati simunazisinthe kukhala WebP, mtundu wa zithunzi zopepuka womwe Google inatulutsa mu 2010, teroni. Komabe ine ndikuona kuti vuto lanu lagona pa JavaScript, malangizo a pulogalamu omwe burawuza ya pa foni imayendetsa. Chithunzi cha 300 KB foni imangochitsitsa n'kuchionetsa, pomwe JavaScript ya kukula komweko iyenera kutsitsidwa, kuwerengedwa, kenako n'kuyendetsedwa, ndipo nthawi yonseyi kholo likudina batani lomwe silikuyankha. Laputopu yanu imamaliza ntchito imeneyi mosaonekera, koma foni ya RAM ya 1 GB, ngati zomwe Android Go, mtundu wopepuka wa Android, inapangidwira mu 2017, imavutika nayo ngakhale netiweki itakhala yabwino.

Choncho tsegulani package.json, fayilo yomwe ili ndi mndandanda wa malaibulale (zidutswa za JavaScript zolembedwa kale ndi ena) omwe munaika, ndipo mufunse za laibulale iliyonse ngati ikufunikadi. Ambiri amaika laibulale ya Moment.js pofuna kungolemba deti bwino, osadziwa kuti imabwera ndi zilankhulo zambirimbiri zomwe sadzazigwiritsa ntchito, ndiponso eni ake analengeza mu 2020 kuti sadzaiwonjezeranso zatsopano. Day.js imachita zofanana pa 2 KB yokha, ndipo nthawi zina Intl.DateTimeFormat, yomwe ili kale mu burawuza, imakwanira. Ngati munamanga masamba anu ndi laibulale ya React, yesani Preact, yomwe imagwira ntchito yofanana koma ndi ya pafupifupi 3 KB. Zotsalazo muzigawe pogwiritsa ntchito import(), lamulo lotsitsa gawo pokhapokha likafunika, kuti kholo lodzaza fomu lisatsitsenso tsamba la malipoti a aphunzitsi, lomwe silidzalitsegula n'komwe.

Pa seva yatsani Brotli kapena gzip, zomwe zimapanikiza mafayilo asanatumizidwe, ndipo muike service worker, kapulogalamu kosunga mafayilowo mu foni, kuti wobwera kachiwiri asalipirenso mafayilo omwewo.

Poyesa, Chrome DevTools, chida choyesera chomwe chili mu burawuza ya Chrome, imalola kuchedwetsa netiweki kufika pa 3G komanso CPU kanayi, koma ine sindiikhulupirira kwathunthu, chifukwa siionetsa foni yodzaza zithunzi za pa WhatsApp yomwe yatentha m'thumba. Bwerekani foni ya kholo limodzi, muzimitse Wi-Fi, mufufute cache (mafayilo omwe burawuza inasunga kale), ndipo mudzaze fomuyo nokha kuyambira pa dzina la mwana mpaka potumiza.