Kodi ndipite kukoleji kapena ndiphunzirire pantchito ya mano?

FUNSO: Ndinalemba mayeso a MSCE chaka chatha ndipo ndinakhoza bwino Biology, Chemistry, Masamu ndi Chingerezi. Pakadali pano ndikugwira ntchito pachipatala china cha mano chomwe si cha boma, kumene ndimatsuka zipangizo ndi kulandira odwala. Ntchitoyi yandilowa mumtima, koma amalume akuti ndisavutike ndi sukulu chifukwa luso ndilipeza pomwepo. Kodi akunena zoona? Mtsikana wa ku Kasungu.

YANKHO: Mchemwali, amalume anu akunena zoona mbali imodzi yokha. Ntchito yothandizira dokotala wa mano, monga kukonza mpando, kupatsira zipangizo, kuyamwa malovu ndi kapaipi pamene dokotala akugwira m'kamwa, ndi kusunga mbiri ya odwala, ambiri amaidziwadi poigwira tsiku ndi tsiku. Koma kuzula dzino, kubaya jakisoni wochititsa dzanzi kapena kumata dzino lobooka ndi ntchito ya munthu amene anaphunzira ndipo analembetsedwa ndi bungwe la Medical Council of Malawi. Ngakhale mutakhala pachipatalapo zaka 10, manja anu atazolowera chotani, popanda pepala lovomerezeka simudzaloledwa kuchita zimenezi, ndipo malipiro anu adzangokhala pamene bwana wafuna.

Njira imene ndikukulimbikitsani ndi dipuloma ya dental therapy (maphunziro othandiza odwala mano, monga kuzula ndi kumata dzino), yomwe imaphunzitsidwa kwa zaka 3 ku Malawi College of Health Sciences, kunthambi yake ya ku Lilongwe. Omaliza maphunzirowa ndi amene akhala akusenza ntchito ya mano m'zipatala za m'maboma kwa nthawi yaitali, popeza madokotala a mano m'dziko muno ndi ochepa kwambiri. Palinso digiri ya udokotala wa mano, imene inayamba mu 2019 ku College of Medicine ku Blantyre mothandizidwa ndi yunivesite ya Glasgow ndi boma la Scotland, ndipo tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences. Kale Mmalawi wofuna udokotala umenewu ankayenera kupita kunja. Malo kumeneko ndi ochepa ndipo opikisana ndi ambiri, koma ngati mapointi anu ali abwino, lemberani konse kuwiri.

Pamene mukudikira, musaipeputse ntchito yotsuka zipangizoyo, chifukwa ine ndimaiona kuti ndiyo phata la chipatala cha mano. Chipangizo chilichonse chimene chalowa m'kamwa chakhudza malovu, ndipo kawirikawiri magazi, momwe mumayenda tizilombo ta HIV ndi ta matenda a chiwindi a hepatitis B. Funsani amene akukuyang'anirani akufotokozereni chifukwa chake zipangizo zimayamba zatsukidwa bwinobwino zisanalowe mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi yotentha madigiri 121 kapena 134, komanso mmene amatsimikizira kuti makinawo agwiradi ntchito. Phunzirani kutaya singano m'bokosi lake popanda kuibwezera chivindikiro ndi manja awiri. Ndipo ngati simunabayitse katemera wa hepatitis B, chonde chitani zimenezo mwezi uno, pakuti munthu wotsuka zitsulo zakuthwa sachedwa kudzilasa chala.

Muzionetsetsanso mmene dokotala amalankhulira ndi mwana amene akunjenjemera pampando, kapena gogo amene wapirira dzino kwa miyezi mpaka tsaya kutupa. Zimenezo zidzakuthandizani kukoleji kuposa mmene mukuganizira, ngakhalenso kudziwiratu mayina ndi malo a mano 32 a munthu wamkulu ndi mano 20 a mwana.

Chenjezo langa lili pa masukulu amene amalengeza maphunziro a zaumoyo a miyezi yochepa. Makolo anu asanagulitse mbuzi kapena fodya kuti alipire fizi, lemberani kalata kapena pitani nokha ku Medical Council ku Lilongwe, mukafunse ngati sukuluyo ndi maphunziro akewo ndi zovomerezeka. Muwatenge amalume anu paulendowo kuti akamve okha.