Hilux yakale pamiyala: magiya a 4.7 kapena transfer case yachiwiri?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achimwene ena a ku Rosettenville. Ali ndi Hilux ya 4x4 ya 1994, zija za ekiselo imodzi yathunthu kutsogolo, injini ya petulo ya 2.2. Anaiveka matayala a mainchesi 33. Masiku ena Loweruka amapita nayo ku Hennops, malo a miyala oyendetserako galimoto za 4x4, ndi anzawo, ndipo Disembala aliyense imawatengera kumudzi ku Neno itakoka ngolo ya katundu. Alemba motere: "Ndikafika pamiyala, ngakhale ndili mu low range giya wani, galimoto imathamangabe kuposa momwe ndikufunira. Ndikachotsa phazi pamoto injini imazima, ndikagwira kilatchi theka imayamba kununkha. Anzanga ena akuti ndiike magiya a 4.7, ena akuti ndiwonjezere transfer case yachiwiri. Chabwino n'chiti?"

Achimwene, ndiyambe ndi yankho lenilenilo: pa galimoto yanu ine ndingaike transfer case (bokosi la magiya logawira mphamvu kumatayala akutsogolo ndi akumbuyo) yachiwiri, ndi magiya ake omwewo a ku fakitale. Zifukwa zake zili m'masamu pang'ono komanso mu ulendo wanu wa Disembala uja.

Vuto lomwe mukulimvalo ndi lenileni, si kulephera kuyendetsa ayi. Galimoto ikakhala mu low range (magiya ofatsa a mu transfer case) giya wani, mphamvu ya injini imadutsa pamalo atatu pomwe liwiro limatsitsidwa: mu giyabokosi, mu transfer case, ndi mu difu, magiya a pakati pa ekiselo. Giya wani wa Hilux za nthawi imeneyo ali cha m'ma 3.93. Low range ya transfer case yake ndi 2.28. Difu titenge ya 4.88. Mukachulukitsa zitatuzi mupeza pafupifupi 44, kutanthauza kuti injini ikazungulira maulendo 44, tayala limazungulira kamodzi. Tayala la mainchesi 33 likazungulira kamodzi limayenda mamita 2.6. Ndiye injini ikakhala pa 1,500 rpm, pomwe ya petulo imayamba kukhalako ndi mphamvu yokwerera mwala, galimoto yanu ikuyenda makilomita opitirira 5 pa ola. Pamsewu limenelo si liwiro n'komwe, koma pamiyala ya ku Hennops ndi lokwanira kumenyetsa difu pamwala ndi kupinda tie rod, chitsulo cha chiwongolero cholumikiza matayala akutsogolo. N'chifukwa chake phazi lanu lamanzere limathamangira kilatchi, ndipo kilatchiyo ndi yomwe ikugwira ntchito ya giya yomwe mulibe.

Pali zinthu ziwiri zomwe zakulitsa vutoli. Choyamba ndi matayala. Galimotoyi inatuluka ndi matayala a mainchesi 30 kapena kucheperapo, ndiye pokwera kufika pa 33 munataya gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yokokera pa giya iliyonse. Chachiwiri anthu ambiri sachiwerengera. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera panyanja yamchere, mpweya kuno ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi 17 pa 100 iliyonse ya mphamvu zake. Hilux yomweyo mukapita nayo ku Durban imadzuka, mukabwerera nayo kuno ku Joni imalefuka.

Musangokhulupirira 4.88 yangayi, pimani yanu, chifukwa galimoto ya zaka zoposa makumi atatu yadutsa m'manja ambiri. Ikani miyala kumatayala akutsogolo, kwezani tayala limodzi lakumbuyo ndi jeke n'kuchirikiza bwino, giya ikhale pa nyutilo, handibuleki yomasula. Lembani choko pa tayala ndi pa propshaft, shafuti yochoka ku transfer case kupita ku difu. Zungulizani tayalalo kawiri ndendende mukuwerenga maulendo omwe propshaft yazungulira. Ikazungulira kasanu kuperewera pang'ono, ndiye 4.88. Ikangopitirira kanayi pang'ono, muli ndi 4.10 kapena 4.30, ndipo pamenepo nkhani ya difu iyenera kukambidwa kaye.

Njira ya anzanu oyamba aja ndi yotsegula transfer case yomwe muli nayo, kuchotsa magiya a 2.28 n'kuikamo a 4.7. Magiya amenewa, limodzi ndi nzeru yolumikiza mabokosi awiri, anatchuka ndi kampani ya Marlin Crawler ya ku Fresno, California, yomwe Marlin Czajkowski anayambitsa m'zaka za m'ma 1990. Ubwino wake ndi woti kunja kwa galimoto palibe chosintha. Makaniko amangopala pang'ono mkati mwa bokosi kuti giya yaikuluyo ikwane, basi, mashafuti onse amabwerera m'malo mwake. Kuchoka pa 44 mufika pa 90. High range ikhalabe 1:1, ndiye pa N1 simudzamva kusiyana kulikonse.

Koma 2.28 ija mwaitaya, ndipo kwa munthu wopita ku Neno nthawi ya dzinja imeneyo ndi giya yamtengo wapatali. Miyala imafuna kuyenda mwachifatse, ngati mayi wosenza ndowa yamadzi powoloka mtsinje, phazi limodzi likhazikike kaye linzake lisanadzuke. Matope ndi mchenga sizifuna zimenezo. M'matope tayala liyenera kuzungulira mwachangu kuti lidzikutumule, mapanga ake atseguke, ligwirenso pansi. Mu mchenga mukachedwa mumamira. Ndi 2.28 mumalowa low range giya thuu kapena fili, muli ndi mphamvu komanso liwiro. Ndi 4.7 yokha, giya faifi wa low range amakupatsani liwiro la pakati pa giya thuu ndi fili wa low range yakale, injini ikulira kwambiri, ndipo mukasamukira ku high range galimoto yolemedwa ndi ngolo imalephera kunyamuka. Pakati pamakhala mpata waukulu, ndipo misewu yambiri yakwathu mvula ikagwa imafuna giya ya pampata pomwepo. Rivesi nayonso imachedwa kwambiri, moti kugwedeza galimoto kutsogolo ndi kumbuyo kuti ituluke m'dzenje la matope kumavuta.

Njira yachiwiri ndi iyi: mumagula transfer case ina yakale yofanana ndi yanu, n'kutengako mbali yakutsogolo yokha yomwe ili ndi magiya otsitsa liwiro. Mbali imeneyo imalowa pakati pa giyabokosi ndi transfer case yanu, polumikizidwa ndi adapter. M'galimoto mumakhala ndodo zitatu. Mukaika bokosi limodzi mu low muli pa 2.28 monga kale. Mukaika onse awiri, 2.28 kuchulukitsa ndi 2.28 ndi 5.2, ndipo masamu athu aja afika pa 100. Pa 1,500 rpm yomwe ija tsopano mukuyenda makilomita 2.4 pa ola, kilatchi mwaisiyiratu, phazi lili pansi. Potsetsereka injini yokha imaigwira galimoto popanda kuponda mabuleki, ndipo pa zitunda zoterera zimenezi n'zomwe zimateteza kuti isapite cham'mbali.

Pali phindu lina lomwe inu okoka ngolo mudzalikonda. Mukaika bokosi lakutsogolo mu low, lakumbuyo n'kulisiya pa 2H, mumakhala ndi giya yofatsa pa matayala akumbuyo okha. Kubweza ngolo yodzaza pageti yopapatiza, kapena kusuntha pang'onopang'ono pamzere wa ku Beitbridge, kumakhala kosapweteka kilatchi.

Ntchito yake ndi yochulukirapo, ndisakubisireni. Bokosi lowonjezeralo limakankhira transfer case kumbuyo ndi masentimita 16 kapena 17. Propshaft yakumbuyo iyenera kufupikitsidwa, yakutsogolo italikitsidwe, ndipo zonse ziwiri zikachitidwe balansi kwa akatswiri a mashafuti. Apa musaumire ndalama. Shafuti yowotcherera pansi pa mtengo imaoneka yowongoka ndi maso, koma pa 100 km/h imanjenjemera, ndipo pa makilomita pafupifupi 1,700 a kudzera ku Harare, Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza idzadya mabeyaling'i ndi masilu musanafike. Crossmember, chitsulo chopingasa chomwe bokosi limakhalapo, isunthidwe kapena ipangidwe ina yochirikiza mabokosi onse awiri, pansi pa galimoto pabooledwe malo a ndodo yachitatu, ndipo kebulo ya spidomita ingafunike yaitali. Bokosi lakale mukhoza kulifunafuna m'masikirapu a ku Booysens ndi kwina, koma lipiteni ndi makaniko wanu, alitsegule aone mano a magiya ndi mabeyaling'i musanapereke ndalama.

Musanaitanitse adapter, tsimikizani zinthu ziwiri. Transfer case yanu ikhale ya magiya okhaokha, chifukwa Hilux zina za pambuyo pake zimayendera tcheni ndipo zonse ndafotokozazi sizikwanako. Kenako makaniko awerenge mano a shafuti yolowera, chifukwa pali za 21 ndi za 23. Katundu wolakwika akachokera ku America, kumubweza kumadya ndalama zoposa mtengo wake.

Pa 100, mphamvu yofika kumatayala ndi yoposa kawiri ya kale, pomwe ekiselo ndi yomwe ija. Chomwe chimathyoka msanga pa Hilux zimenezi ndi ma Birfield, mfundo za kumatayala akutsogolo, makamaka chiwongolero chitakhotetsedwa mpaka kumapeto, tayala lalikulu litapanikizika pakati pa miyala, dalaivala n'kuponda moto. Giya yofatsayi mukuiikira kuti musamaponde moto. Mukaigwiritsa ntchito motero imasunga zitsulo kuposa kale, chifukwa galimoto siidumphanso. Yang'anirani ma Birfield anu, muwathire girisi watsopano, ndipo mukakhala ndi ndalama muike achitsulo cholimba cha chromoly.

Chenjezo ili ndikupempha mulisunge. Muli m'mabokosi onse awiri giya wani, musaponde kilatchi n'kuisiya galimoto itsetsereke yokha. Matayala ndi omwe amayamba kuzunguza mbale ya kilatchi kudzera m'magiya onse aja. Pa 10 km/h pokha mbaleyo ikuzungulira kupitirira 6,000 rpm, pa 15 km/h yapitirira 9,000, ndipo imatha kuphulika pafupi ndi miyendo yanu. Mukafuna kuima, pondani kilatchi ndi buleki limodzi, muimiretu. Dziwaninso kuti pa giya imeneyi injini imaposa mabuleki mphamvu, buleki yokha siimitsa galimoto.

Ena adzakuuzani kuti muike zonse, bokosi lachiwiri ndi magiya a 4.7, mufike pa 200 n'kupitirira. Zimenezo n'za galimoto zopita kumiyala zitakwezedwa pa thilela. Inu 100 ikukwanirani. Mukadzazifunabe mtsogolo, a 4.7 amalowa m'bokosi lakumbuyo, osati lakutsogolo, kuti mphamvu yochulukayo isathyole shafuti ya pakati pa mabokosi.

M'kalata yanu simunanene ngati muli ndi diff lock, chokhoma difu kuti matayala onse awiri a ekiselo azizungulira limodzi. Ngati pamiyalapo tayala lina limakhala m'mwamba likuzungulira lokha, giya yofatsa siithetsa zimenezo, tayalalo lizingozungulira pang'onopang'ono m'mwamba momwemo. Koma zomwe mwafotokozazi, injini kuzima ndi kilatchi kununkha, ndi vuto la magiya, ndiye yambani ndi bokosilo. Ntchitoyi ichitike kusanafike Okutobala, kuti muyende nayo maulendo angapo kuno, muone ngati oyilo sakudontha palumikizo ndi ngati shafuti siikunjenjemera. A inshuwalansi muwadziwitse polemba kuti mwasintha zimenezi. Popeza bokosi latsegulidwa kale, kilatchi yomwe yakhala ikupsayo isinthidwe nthawi yomweyo, ndipo shafuti yakumbuyo muuze akatswiriwo akupatseni muyeso wake papepala, chifukwa ya Hilux wamba yogula ku Tete kapena ku Blantyre siidzakwananso.