Yankho: kodi moth ndi chiyani, ndipo amatchula bwanji?

Achimwene, mwafunsa ngati moth ndi gulugufe. Ndi pachibale, koma Angerezi amawasiyanitsa. Butterfly ndi gulugufe wouluka masana. Moth ndi uja wathupi lonenepa, laubweya, amene amabwera usiku n'kumazungulira nyali mpaka kupsa. Kwathu kuno timati kadziwotche. Njenjete imene imadya zovala m'sutikesi nayonso ndi moth, n'chifukwa chake pa Mateyu 6:19 pamene Baibulo la Chichewa likuti njenjete, la Chingerezi likuti moth. Ngakhale mbozi za fall armyworm zimene zakhala zikuwononga chimanga ku Malawi kuyambira cha m'ma 2017 zimasanduka moth zikakula.

Pakatchulidwe ndi pomwe ambiri timagwa. Yambani ndi "mo" wamfupi ngati wa mu "moto". Th wakumapeto si uja wa mu "thumba" ayi. Ikani nsonga ya lilime pakati pa mano, mutulutse mpweya wokha, kukhosi kusanjenjemere, ngati mu think. Musawonjezere "i" kumapeto, chizolowezi chathu chija chonena "mothi". Samalaninso kuti asamveke ngati mouth, pakamwa, kapena month, mwezi. Akakhala ambiri ndi moths.

Jekete yobooka ndi njenjete amati ndi moth-eaten, ndipo timibulu toyera tonunkha toika m'zovala ndi mothballs. Akati munthu wakopeka "like a moth to a flame", ndiye kuti akuthamangira chinthu chimene chimupweteke.