Kodi mphamvu ya wofufuza imayezedwa bwanji?

FUNSO: Akonzi, ndimaphunzira za makompyuta ku Chichiri. Aphunzitsi athu sasiya kutchula David Marr tikamakamba zophunzitsa kompyuta kuzindikira zithunzi. Kodi wofufuza wotchuka timamudziwa bwanji? Wophunzira, Ndirande, Blantyre.

YANKHO: Ambiri amathamangira pa Google Scholar, tsamba la pa intaneti lofufuzira zolemba za akatswiri, kukaona h-index, muyezo umene Jorge Hirsch anayambitsa mu 2005. Munthu akakhala ndi 20, ndiye kuti ali ndi zolemba 20 zimene chilichonse chatchulidwa m'zolemba zina kosachepera ka 20.

Koma nambalayi imanamiza. Imakondera amene agwira ntchito zaka zambiri, imafufuma munthu akamadzitchula yekha, ndipo siyenera kuyerekezera akatswiri a makompyuta, amene amatulutsa zolemba pafupipafupi m'misonkhano, ndi akatswiri a maganizo a munthu.

Taonani chitsanzo cha Marr, katswiri wofufuza mmene ubongo umaonera zinthu. Anamwalira mu 1980 ali ndi zaka 35 zokha, ndipo buku lake, Vision, linatuluka mu 1982. Iye anati kuona, kaya kwa ubongo kaya kwa makina, kufufuzidwe pa magawo atatu: ntchito imene ikugwiridwa ndi chifukwa chake, ndondomeko yoigwirira, ndiponso chimene chikuigwira, kaya ndi minyewa kapena zipangizo zamagetsi. Mpaka lero akatswiri a makompyuta ndi a maganizo a munthu omwe amaphunzitsa magawowa, ndipo mphoto ya zolemba zopambana pa ICCV, msonkhano waukulu wa akatswiri ophunzitsa kompyuta kuzindikira zithunzi, imatchedwa Marr Prize.

Choncho musathere pa nambala. Tsegulani zolemba khumi zomutchula, muone ngati zikugwiritsadi ntchito ganizo lake kapena zangoponya dzina m'mawu oyamba.